UFULU WA MNANSI: MAU A KOMITI YA MZIKITI PA TSIKU LA IDI

Bismillahir Rahmanir Rahim. 

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah (S.W.T.) amene watifikitsa kumapeto kwa mwezi wa Ramadhani tili amoyo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Olemekezeka mashehe athu, adada ndi amama, abale ndi alongo m'Chisilamu a pa Boma pano, komanso inu amene mwachokera ku Jenda, ku Embangweni, ku Champhira ndi ku Luwerezi, Idi Mubarak kwa nonse. Allah alandire kusala kwathu ndi Zakatul Fitr yathu.

Lero ife a komiti sitilankhula za malata kapena simenti monga tichitira zaka zonse. Tabwera ndi nkhani imene inatsala pang'ono kutichititsa manyazi mkati mwa mwezi wopatulikawu, ndiyo nkhani ya phokoso pakati pa ife ndi anansi athu.

Ambiri mwa inu munamva kale, koma maina sititchula. Usiku wina wa masiku khumi omaliza, tili pa tarawehe, nyimbo zochokera pa malo ena ogulitsira mowa zinakwera mpaka amene anali m'safu yakumbuyo samamva kuwerenga kwa imamu. Anyamata athu ena mitima inawapsa, ndipo anapangana zokadula waya wa sipika usiku womwewo. Alhamdulillah, mmodzi wa akuluakulu anawatsekereza pakhomo. M'mawa mwake tinatuma anthu awiri achikulire kukaonana ndi mwini malowo. Anawalandira bwino, anawapatsa mipando, nawamvetsera mpaka kumaliza. Kenaka iye anati: "Adada, ndamva ndithu, nditsitsa. Koma inunso chimkuzamau chanu chija chinaloza pa windo langa. Mwana wanga wakhanda amadzidzimuka 4 koloko iliyonse, ndipo ine sindinabwerepo kudzadandaula."

Abale, nthumwi zathu zinabwerako zitazyolika. Tinapita kukaimba mlandu, tinakapeza kuti nafenso tili nawo wathu.

Tiyeni tsono tione zimene chipembedzo chathu chikutiphunzitsa. Mu Surat An-Nisa, ayah 36, Allah akutilamula kuchitira zabwino mnansi wachibale ndi mnansi amene si wachibale, ndipo sanaikepo malire oti akhale Msilamu. Mu hadisi ya Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (S.A.W.) anafotokoza kuti Jibril anapitiriza kumulangiza za mnansi kufikira iye anaganiza kuti mnansi adzaikidwa m'gulu la olandira chuma cha masiye. Anauzidwanso za mai wina wodziwika ndi swala ndi kusala kochuluka koma wovutitsa anansi ndi lilime lake, ndipo iye anati mai ameneyo ndi wa ku Moto. Tangomaliza masiku ambiri a njala ndi ludzu. Tisalole kuti malipiro ake atayike chifukwa cha mkangano wa pa mpanda.

Phokoso la m'tauni muno tikulidziwa tonse. Kuli mabawa ndi mashabini, nyumba zoonetsa kanema, zigayo, owotcherera zitsulo ndi majenereta magetsi akazima. Ana athu akabwera kuchokera ku Joni amabwera ndi masipika aakulu, ndipo amafuna mudzi wonse udziwe kuti afika. Ena mwa anawo ndi athu omwe, Asilamu. Koma si phokoso lonse lili lofanana. Anansi athu Achikhristu akamachezera ndi nyimbo pa maliro, kapena kumudzi kukamalira ng'oma za vimbuza usiku, kapena ukwati ukagwa pa nyumba yoyandikana nafe, zimenezo ndi za usiku umodzi kapena uwiri, ndipo mankhwala ake ndi sabr basi. Pa maliro koposa, m'malo motseka makutu, tengani ufa kapena nkhuni mukapepese. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Tisaiwale kuti kuno tilipo ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi, ndipo ambiri mwa iwo ali kuchigawo cha kummwera ndi m'mbali mwa nyanja. Muno m'dziko la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, kumene mishoni ya Embangweni yakhalako kuyambira 1902, anthu ambiri sanatsegulepo Qur'an. Chisilamu amachiwerenga pa khalidwe la inu ndi ife. Waya uja akanadulidwa, sakanati wadula ndi mwana wa uje. Akanati adula ndi Asilamu.

Nanga phokoso likakhala la tsiku ndi tsiku, mwana wa Sitandade 8 akulephera kuwerenga, odwala sakugona, tichite chiani? Komiti ikupempha mabanja onse atsate ndondomeko iyi.

Choyamba, musapite usiku mtima uli m'mwamba, ndipo musakalankhule ndi munthu ali chiledzerere. Dikirani kuche. Pitani nokha, odirani pakhomo, perekani moni, mufunse za ana. Kenaka nenani vuto lanu lenileni: ola lake, ndi amene akuvutika. Kunena kuti "agogo sakugona ikakwana 10 koloko" kumafewetsa mtima kuposa kunena kuti "ndinu anthu aphokoso". Ambiri sadziwa n'komwe kuti nyimbo zao zimafika pati. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Chachiwiri, zikapitirira, tengani munthu wachikulire amene onse awiri mumamulemekeza, kaya ndi shehe, kaya mkulu wa mpingo wa mnansiyo. Ngati ndi nyumba ya lendi, mwini nyumba adziwe.

Chachitatu, nkhani ipite kwa amfumu kapena mkulu wa dera. Zikakanika pamenepo, ndi pamene tipita ku polisi kapena ku khonsolo ya M'mbelwa, makamaka ngati ali malo a malonda. Pitani muli angapo, pamodzi ndi anansi amene si Asilamu, chifukwa tulo tilibe chipembedzo.

Kugenda miyala pa denga, kutukwana, kudula mawaya, kapena kubwezera pokweza wailesi yanu, zonsezi komiti ikuziletsa kotheratu. Mu Sunan ya Abu Dawud muli nkhani ya munthu amene anadandaula kwa Mtumiki (S.A.W.) za mnansi womuzunza. Anauzidwa kangapo kuti apirire, ndipo pomaliza anauzidwa kuti atulutse katundu wake amuike pa msewu. Anthu odutsa atamva chifukwa chake anayamba kumudzudzula mnansi uja, mpaka iye anabwera yekha kudzamupempha kuti abwerere m'nyumba, nalonjeza kusiya. Taonani, Mtumiki sanamuuze kuti akabwezere. Anamuonetsa njira yoti anthu aweruze.

Mabuku a mbiri amasimbanso za Imamu Abu Hanifa, amene anamwalira m'chaka cha 767. Ku Kufa anali ndi mnansi wosoka nsapato amene ankamwa ndi kuimba usiku wonse pamene Imamu ali pa swala. Usiku wina kunali zii. Atafunsa, anamva kuti munthuyo wamangidwa. Ena a ife tikanati Alhamdulillah, tipumeko. Koma Imamu anapita kwa bwanamkubwa kukamupemphera kuti amasulidwe, ndipo akuti munthuyo analapa nasiya mowa.

Tsopano tibwere pakhomo pathu. Adhana ndi chizindikiro cha Chisilamu ndipo sitidzaisiya, Insha Allah. Koma Bilal (R.A.) ankaitana ku Madina ndi mau ake, atakwera pa nyumba yaitali. Chimkuzamau ndi chida chabe, si sunnah. Mu Surat Luqman, ayah 19, tikulangizidwa kutsitsa mau athu, ndipo Mtumiki (S.A.W.) ali pa itikafu anadzudzula maswahaba amene ankasokonezana powerenga Qur'an mokweza. M'chaka cha 2021 boma la Saudi Arabia linalamula kuti zimkuzamau za kunja kwa mizikiti zigwiritsidwe ntchito pa adhana ndi iqama pokha, ndipo mau asapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Mu 2018 akuluakulu a dera lina la mzinda wa Kigali ku Rwanda analetsa zimkuzamau pa mizikiti chifukwa cha phokoso. Ndi bwino tidziikire malire tokha ena asanatiikire.

Motero komiti yagwirizana izi. Chimkuzamau cha panja chatembenuzidwa kuti chisaloze pa windo la munthu, ndipo pa Fajr mau ake atsitsidwa. Swala, darasa ndi ulaliki zizimveka pa masipika a mkati. Banja limene likukonza sikiri, nikah kapena sadaka yofika usiku liyambe ladziwitsa anansi. Amai podzuka kukonza dakwi chaka chamawa, ndi anyamata a njinga zamoto pobwera ku Fajr, kumbukirani kuti ena ali m'tulo.

Mwini malo uja anasunga mau ake. Masiku otsalawo tinaswali tarawehe mwabata. Nafenso tisunge athu. Lero mpunga ndi nyama zikapsa, mbale yoyamba ipite kwa mnansi, ngakhale amene munayambana naye. Ngati simulankhulana, tsiku loyamba kupereka moni ndi lero.

Allah atikhululukire pamene tinalakwira anansi athu, atipatse kupirira, ndipo atifikitse Ramadhani ina tili pa mtendere. Amin.