Nkhawa ya Pakhomo Tipita Nayo Kuti?



Masheikh athu, mafumu, amayi ndi abambo, abale ndi alongo anga m'Chisilamu: ambiri a inu masiku ano mumaima pa swala thupi lili mumzikiti, mtima uli kwina. Uli kwa mwana amene ali ku Joni, yemwe watha miyezi itatu osatumiza kanthu. Uli kwa mlamu amene amuimitsa ntchito kumalo ogona alendo. Uli kwa mchimwene wa kabaza amene akuswera pamzere wa mafuta. Musadziimbe mlandu pa nkhawa imeneyi, pakuti ndi chizindikiro choti ubale ukadali wamoyo mwa inu. Chofunika kukambirana ndi kumene tipite nayo.

Tiyambe ndi kudziwa gwero la vutoli, kuti tisalozane zala pakhomo. M'mwezi wa May 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mafuta, feteleza, mankhwala ndi zipangizo za injini za maboti timagula kunja ndi madola, pomwe fodya, tiyi ndi shuga zimene timagulitsa kunjako sizibweretsa madola okwanira. Pamwamba pa izi padadza namondwe wa Freddy mu March 2023, kenako ng'amba ya 2024 imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kuno kunyanja mukudziwa mmene unyolowu umayendera. Mafuta akasowa boti limagona padooko, alovi sagawana kanthu, mayi woyanika usipa amayang'ana thandala lopanda nsomba, ndipo wogula wa ku Limbe amabwerera chimanjamanja. Choncho mwana wanu akafika madzulo opanda ndiwo, musafulumire kumutcha mlesi.

Choyamba choti muchite ndi kuyala mphasa ndi kukhala pansi monga banja. Nkhawa yobisa ndiyo imapasula nyumba. Bambo amabisa kuti ntchito idatha, mayi amabisa kuti ali ndi ngongole kubanki m'khonde, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake akumana dala. Tengani kope ndi cholembera. Lembani zimene zimalowa pamwezi ndi kumene zimachokera. Lembani zimene sizingadikire: chimanga, mankhwala, fizi, lendi. Lembaninso zimene zingadikire, ngakhale zitakhala zovala za Eid kapena phwando lalikulu la ukwati. Mudziwa kale kuti mwezi wa November ukafika nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo njala imaluma kwambiri mu January ndi February. Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, adalangiza kusunga chakudya m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu pokonzekera zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Kukonzekera ndi gawo la kuyadzamira kwa Allah.

Chachiwiri chikukhudza mwana wa ku Joni. Iyenso ali ndi lendi yake, mantha a mapepala, ndi manyazi oti kumudzi amuona ngati wolephera. Ambiri amasiya kuyankha foni chifukwa akudziwa kuti mawu oyamba akhala a ndalama. Mukamuimbira, yambani mwafunsa za thanzi lake ndi ngati akugona pabwino. Muuzeni kuti akafuna kubwerera, khomo ndi lotsegula ngakhale abwere ndi chikwama chokha. Ndipo ndalama ikabwera, gawo lina lilowe m'chinthu chobereka, monga mbuzi, dimba kapena makina osokera, kuti banja lonse lisatsamire msana umodzi.

Chachitatu ndi ngongole. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, imakamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Abale ambiri adasiya kulonjerana chifukwa cha ndalama imene wina ankayesa mphatso pomwe mnzake ankati ndi ngongole. Mukabwereketsa m'bale, lembani kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, popanda chiwongoladzanja, ndipo akapanikizika mupatseni nthawi. Katapila muthaweni. Chipembedzo chathu chimaletsa riba, ndipo maso athu aona maukonde, njinga ndi malata zikulandidwa chifukwa cha ndalama yochepa. Amene mbale wanu wachotsedwa ntchito chifukwa choti kampani ikuchepetsa antchito, mulimbikitseni apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, pakuti malamulo a dziko lino amapereka malipiro otsanzikira kwa wogwira ntchito wotere. Inu amene Allah wakutambasulirani dzanja, tulutsani zakaat mokwanira, ndipo m'sadaka yanu muyambire achibale. Ife aphunzitsi timaona vuto la pakhomo msanga: mwana akayamba kujomba kumadrasa ndi kusukulu n'kumapezeka padooko, kwawo kwavuta. Komiti ya mzikiti imufunefune mwakachetechete, osachititsa makolo ake manyazi.

Tsopano nkhawa yomweyi ili ndi kwina koti ikafike. Pachisankho timasankha pulezidenti, phungu ndi khansala. Ofuna mipando akudziwa kuti pakhomo panu pavuta, ndipo ena abwera ndi nsalu, sopo ndi kandalama m'manja. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Werengani nokha: sopo atha sabata imodzi, koma amene mwamusankha akhala zaka zisanu. Voti ndi umboni umene mukupereka, ndipo umboni ndi amana yosagulitsa. M'kachipinda kovotera mudzakhala nokha, ndipo palibe amene adzaone pamene mwachonga.

Kope lija mudalemba pamphasa, pitani nalo kumsonkhano. Wofuna upulezidenti anene momveka kumene madola ogulira mafuta ndi feteleza adzachokere, ndi zimene dziko lidzagulitse kunja kuwonjezera pa fodya. Wofuna uphungu afotokoze mmene adzaonetsetsere kuti thumba la chitukuko cha m'dera likuyenda bwino, ndi ngati anthu adzaone ndondomeko yake. Mumufunse za sukulu zophunzitsa luso la manja, kuti mnyamata wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota apeze chochita asanaganize zokwera basi ya ku Joni. Mumufunsenso za chambo chimene chachepa m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Wofuna ukhansala anene kumene msonkho wa pamsika umapita. Amene adakhalapo kale pampando, mumuyeze ndi zimene adachita. Amene akuyankha ndi nyimbo kapena kunyoza anzake, wakuyankhani kale. Safunsa adadya phula.

Ine sindikuuzani dzina loti mukachonge. Musalole ndale kugawanitsa banja limene njala yalephera kuligawa: apongozi ndi mkamwini angasiyane chipani, koma mawa adzadyera mbale imodzi.

Allah atambasule rizki la mabanja athu, ateteze ana athu ali kutali, apeputsire amene alemedwa ndi ngongole, ndipo atipatse atsogoleri oopa Iye posunga chuma cha anthu. Aamiin.

Wassalaamu alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.