IMPSO NDI ZIZINDIKIRO ZA NTHENDA YACE

Madzulo ano tikambirane za impso.

Munthu ali nazo impso ziwiri, kumbuyo, kunsi kwa nthiti, ndipo iri yonse ilingana ndi nkhonya yace. Nchito yace ndiyo kusefa mwazi. M'impso imodzi muli tosefera tating'ono tokwana ngati 1,000,000. Pa tsiku limodzi impso zisefa madzi ngati malita 180. Ambiri abwerera m'mwazi, ndipo otsala, lita limodzi ndi theka, ndiwo mkodzo.

Tsono mvetsani ici. Munthu akatuluka mu mgodi msana uli kuwawa, amati, "Impso zanga." Kawirikawiri si impso ai, ndi minofu yotopa ndi fosholo. Tosefera tija tikayamba kuonongeka sitipweteka. Munthu angathe kutaya theka la mphamvu ya impso zace akali kupita ku nchito, osadziwa kanthu. Cotero tiyenera kupenya zizindikiro zina.

Coyamba ndi kutupa. Mamawa zikope ziri zotupa, madzulo akakolo atupa, jombo zithina. Mukasindikiza cala pa mwendo patsala kadzenje. Amenewo ndi madzi ndi mcere zimene impso zalephera kutaya.

Caciwiri ndi mkodzo. Ukacita thobvu lambiri ngati la mowa, losatha msanga, tosefera tiri kutaya zomanga thupi zoyenera kukhala m'mwazi. Ukada ngati tiyi wopanda mkaka, mungakhale mwazi. Inu amai, penyani ana. Mwana akadwala zironda za pakhosi, pakapita sabata limodzi kapena awiri natupa kumaso, mkodzo nuda ndi kucepa, thamangani naye ku cipatala. Zironda za pakhungu zicitanso comweco patapita masabata angapo. Likodzo lisiyana: mwazi wace ndi wofiira, udza pomaliza kukodza, ndipo ucokera m'cikhodzodzo. Koma nalonso likalekereredwa lingathe kuononga impso.

Cacitatu ndi kufooka. Munthu adzuka kawiri katatu usiku kukataya madzi, atopa msanga, ayera m'maso ndi m'zikhato, pakuti impso ndizo zituma mafuta a m'mafupa kupanga mwazi. Akayamba mseru, kukana nsima ndi kuyabwa thupi lonse, nthenda yafika patali.

Adani akuru a impso ndi awiri: nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi. Amene muli nazo, kayesetseni impso kamodzi pa caka, ngakhale simukumva kanthu. Dotolo abviika kapepala mu mkodzo, natenga mwazi pang'ono, basi.

Inu ogwira nchito pansi, kumene thukuta lituruka ngati mvula, imwani madzi okwanira. Musazolowere kumwa Brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku cifukwa ca msana, kapena zitsamba zosadziwika muyeso, pakuti zimenezi zibvulaza tosefera.

Impso zikafa, munthu asefedwa mwazi ndi makina, monga acitira ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kawirikawiri katatu pa sabata, maola 4 ulendo uli wonse. Ganizani za nchito yace ndi ana ace. Nthenda yopezeka msanga ingathe kucedwetsedwa zaka zambiri ndi mankhwala ndi kucepetsa mcere. Mawa mamawa penyani zikope zanu ndi mkodzo wanu. Mukaona cacilendo, musadikire tsiku la malipiro.

Tsalani bwino nonse.