Za Malonda a Mabanzi pa Misika ya Krisimasi

Mau amene analankhula mmodzi wa mamembala athu, amene ali kalaliki, pa msonkhano wa pa caka.

Ine sindiri wophika mikate ai, nchito yanga ndi ya mabuku mu ofesi. Koma pakhomo pathu pali ng'anjo ya njerwa, m'mene amai a kunyumba amaphika mabanzi ndi masikono, ndipo timapita nazo ku msika pa nyengo ya Krisimasi ndi Caka Catsopano. Ine ndine wosunga buku la ndalama, ndipo zimene bukulo landiphunzitsa ndizo ndifuna kukuuzani lero.

Mudziwa inu nonse kuti m'mwezi wa December ana athu amabwera kucokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni ali ndi kanthu m'thumba, ndiponso kuti ngakhale banja losauka lifuna kumwera tiyi banzi pa 25 December. Cotero zimene tigulitsa pa sabata imodziyo ziposa za mwezi wathunthu. Koma m'menemo ndimo mulinso msampha, ndipo ife tinakodwamo.

Caka coyamba tinakanda mabanzi 600 usiku wa pa 23 December. Tinaiwala kuti Krisimasi kwathu kuno imadza ndi mvula. Nkhuni zinali zonyowa, ng'anjo siinatenthe bwino, ndipo oyamba kuturuka anapsa kunja kokha, m'kati muli muwisi. Masana kunagwa cimvula, anthu nabalalika pa msika, ndipo mabanzi 150 tinabwerera nao. Atapita masiku atatu anacita cuku. Ena anatengedwa ndi abale pa ngongole, ati tidzalipira mwezi ukatha. Ngakhale zinatero, citini ca ndalama cinali codzaza, ndipo ife poona cimeneco tinagula nsaru ndi nyama, tiri kuganiza kuti tapindula. Pofika January ana anafuna za ku sukulu, thumba la ufa linali litatha, ndipo ng'anjo yathu inakhala yozizira kufikira mwezi wa April.

Nditakhala pansi ndi kuwerenga bwino, ndinapeza kuti tinadya mpamba, osati phindu. Pa cifukwa ici ndipempha kuti mugwire zinthu zitatu.

Coyamba, lembani zonse musanayatse moto: ufa wa tirigu, shuga, yisiti, mafuta, mcere, nkhuni, msonkho wa pa msika ndi ya galimoto. Mukabwera ku msika, yambani mwapatula ndalama zimenezi ndi kuziika pa zokha. Zotsalazo ndizo zanu. Ndipo za ngongole musaziwerengere, pakuti akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Caciwiri, mtengo wa banzi uyenera kutsata ufa umene mudzagula mawa, osati umene munagula dzulo. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno acokera kunja, cotero mtengo wace umayenda ndi mphamvu ya kwacha. M'caka ca 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza tirigu pa dziko lonse, ndipo mu May caka comweco kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 aliyense. Mu November 2023, patangotsala masabata owerengeka kuti Krisimasi ifike, inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 aliyense. Munthu amene anagulitsa pa mtengo wakale anapita ku sitolo ndi ndalama zosakwana thumba lina, ngakhale mabanzi ace onse anatha.

Cacitatu, konzekeranitu dzuwa likali kuwala. Nkhuni zisonkhanitsidwe mu October ndi kusungidwa pa khonde. Cimanga ca zitumbuwa ndi cikondamoyo cigulidwe pa nthawi yokolola, pakuti mu December cimakwera mtengo pamene nkhokwe zayamba kupepuka. Ndiponso musaphike zonse nthawi imodzi. Ife tsopano timaphika pang'ono m'mbandakuca, ndipo mwana akabwera ndi mau akuti zatha, timaikanso zina. Kuli bwino kubweza wogula mmodzi kusiyana ndi kutayira nkhumba dengu lonse.

Potsiriza, A Pampando, ndiri ndi pempho kwa bungwe lathu. Amai ophika m'boma lino ndi ambiri, koma aliyense amagula ufa yekha wa pa mbale, umene uli wokwera mtengo. Bwanji osasonkha pamodzi m'mwezi wa November ndi kugula matumba athunthu? Ine ndidzipereka kuonetsa aliyense wofuna kalembedwe ka buku la ndalama, Loweruka masana, popanda malipiro. Sipafunika sukulu yaikuru ai, koma kope limodzi ndi pensulo.