CISANKHO CA SENETI CA 2005 NDI ANCHITO A M'MINDA YA TIYI

Nkhani ya lero ndi ya cisankho cimene cinacitika m'dziko la Zimbabwe pa 26 Novembala 2005, ndi m'mene cinakhudzira anthu a ku Mandeya m'cigwa ca Honde, kumene kuli minda ya tiyi pafupi ndi malire a Mozambique.

Seneti ndiyo nyumba yaciwiri ya malamulo, imene ipenda zocokera ku nyumba yoyamba. Inathetsedwa ndi lamulo la 1989, ndipo Boma linaiutsanso m'caka ca 2005 ndi mipando 66: mipando 50 yosankhidwa ndi anthu, isanu m'cigawo ciri conse, 10 ya mafumu, ndi 6 yoikidwa ndi Pulezidenti.

Cipani colamula ca ZANU-PF, cotsogozedwa ndi a Robert Mugabe, cinapata mipando 43. Cipani ca MDC cinagawikana, pakuti a Morgan Tsvangirai anauza anthu ao kuti asabvote, pamene a Gibson Sibanda ndi a Welshman Ncube anati alowe m'cisankhomo. Motero MDC inapata mipando 7 yokha, ku Bulawayo ndi ku Matabeleland. Mipando isanu ya Manicaland, cigawo ca Honde ndi Chipinge, yonse inapita kwa olamula. Mwa anthu asanu olembedwa m'kaundula, mmodzi yekha ndiye anabvota.

Koma ena sanakhale pakhomo mwa kufuna kwao. M'minda ya tiyi munali anchito ambiri amene makolo ao anacokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzafuna nchito. Lamulo la 2001 linati munthu wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane pa miyezi isanu ndi umodzi, apo ai ataya unzika wa Zimbabwe. Ambiri sanamve msanga, ena analibe ndalama za ulendo wa ku Harare. Munthu wobadwira pa komboni, amene sanaonepo Mulanje kapena Thyolo, anayesedwa mlendo, nataya mphamvu yace ya kubvota.

Malamulo akuru a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe, okhala momwemo, amene kholo lao linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC.

Cifukwa cace powerenga mipando ya opambana pa cisankho, nkoyenera kuwerenganso anthu amene sanaloledwe kufika pa bokosi.