Aphunzitsi aakazi, tisamangowerenga mwakachetechete pa gulu

Zikomo amayi, zikomo aphunzitsi athu amene mwachokera ku Muloza, ku Nkando ndi konkuno ku Chitakale. Tikudziwa kuti ena mwasiya makope osachonga kuti mubwere.

Tonse tikukumbukira Malichi 2023. Namondwe Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Mulanje, sukulu zinatsekedwa, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Milatho itaduka, aphunzitsi ambiri sakanatha kukumana ku TDC. Chinatsala ndi foni. Pa magulu a WhatsApp ndi pomwe ankafunsana: mabuku anyowa, tiphunzitsa bwanji? Mtsikana wanga wa Sitandade 7 sanabwererenso, nditani?

Funso lachiwirilo ndi limene latisonkhanitsa lero. Malamulo alipo. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu inayamba kalekale, mu 1993. Koma taganizirani mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, amutumiza kusukulu ya kuseri kwa minda ya tiyi. Akafika pakhomo pa makolo a mwanayo, ayambira pati? Ayambe wauza a mother group kapena amfumu? Nanga mtsikanayo akabwerera, anzake n'kumamuseka kuti "make mwana", atani? Zimenezi m'buku mulibe. Amazimva kwa mnzake amene anadutsamo, pa voice note ya usiku, ana atagona.

Komano tisanamizane. M'magulu ambiri a ku zone olankhula ndi abambo, amayi timangowerenga. Ena bandulo imatha mwezi usanafike pakati. Enanso foni ndi yawo, koma imagona m'thumba mwa abambo a kunyumba, ndiye nkhani ya mwana wa eni angailembe bwanji?

Pamenepa tichenjezane. Dzina la mtsikana, chithunzi chake, ngakhale mudzi wake, tisaike pa gulu. Screenshot imathamanga kuposa kabaza, pofika mawa nkhani ili pamsika wa Limbuli, mwanayo osadzapondanso kusukulu. Tifunse nzeru, dzina tisunge.

Tisanabalalike, zone iliyonse isankhe amayi awiri oyendetsa gulu la aphunzitsi aakazi okhaokha. Amene muli ndi foni ya mabatani musachoke, tikupezerani mnzanu wapafupi woti azikuuzani zomwe zakambidwa. Pepala lolembapo manambala lili pakhomo paja.