Mawu kwa amayi eni nyumba za lendi



Ambiri a ife nyumba za lendizi sitinazipeze mophweka. Ena tinamanga ndi ndalama za banki m'khonde, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Ena anatisiyira malemu amuna athu, ndipo tinachita kulimbana ndi achibale kuti zisapite. Koma nyumba payokha siibala ndalama, amayi. Imabwera ndi munthu wokhalamo, ndiye nkhani yanga lero ndi ya kumusunga munthu ameneyo.

Tiyerekeze nyumba yanu ku Ndirande kapena ku Area 25 ndi ya K60,000 pamwezi. Mwadzuka m'mawa mwakweza ndi K10,000, tenanti wakwiya, wasamuka, nyumba yakhala miyezi iwiri yopanda munthu. K120,000 yapita imeneyo. Kuti ibwerere ndi K10,000 yanu ija, pafunika chaka chathunthu. Sindikuti musakweze ayi, simenti yadula, malata adula. Koma muuzeni munthu kudakali miyezi iwiri kapena itatu, akonzekere.

Chimene chimathamangitsa matenanti kwambiri ndi mita. Mita imodzi ya ESCOM, mabanja anayi, mayunitsi atha usiku, onse akuloza chala mayi wa hotipuleti. Ngati simungakwanitse mita ya khomo lililonse, khalani pansi nonse mugwirizane zosonkha, muzilembe. Bilu ya madzi ikabwera, aliyense aione ndi maso ake. Mukamangotchula mtengo pakamwa, amati alandilodi akutidyera, ngakhale musakudya. Lendi nayo izilowa m'kope, wolipira asaine. Akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musafufute.

Denga likudontha? Konzani mvula isanayambe. Munthu amene chimbudzi chake chadzadza, inu muli chete, pa 30 nayenso amakhala chete.

Nanga akalephera kulipira? Zozula chitseko kapena kusasula malata zija tisiye. M'nyumbamo muli ana, ndipo mlandu umatha kukutembenukirani. Mufunseni chavuta n'chiyani, mugwirizane tsiku, zikakanika mupatseni notisi yolemba. Akakana kutuluka, kuli amfumu, kuli bwalo la milandu.

Tsono ili ndiye landikhudza. Ndife amayi tomwe timati "mbeta sitilola pano." Mayi ali ndi geni yake, amalipira pa 1, koma tikumufunsa amuna ake ali kuti, mlendo wabwera dzulo uja ndani. Tenanti si mwana wa m'nyumba mwanu. Akalipira, chipindacho ndi kwawo, ndipo polowa muziodira.

Komanso samalani amene mumawatuma kukatolera lendi. Alipo amuna, ngakhale ana athu omwe, amene mayi akachedwa kulipira amamuuza kuti "tikambirana mwa njira ina." Mayiyo sakuuzani, amangosamuka, inu n'kumadabwa kuti nyumba yanu siikhalitsa anthu. Lendi muzilandira nokha, ndipo tenanti aliyense akhale ndi nambala yanu ya foni, adziwe kuti akhoza kukuimbirani osadzera kwa wina.