Mtengo wa pa foni si mtengo wofikira m'manja

Zimene mnzathu wokonza mafoni pa Liwonde anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali.



Mwezi watha ndinaitanitsa masikirini a mafoni pa intaneti kuchokera ku China. Ndalama zake zinali za ngongole ya banki m'khonde. Katundu atafika anandiimbira kuti ndikalipire kaye msonkho. Nditamva kuchuluka kwake, ndinangokhala pansi. Phindu lonse limene ndinaliwerengera linathera pomwepo, ngongole ili chiimire.

Ndinalakwitsa masamu, ndiye ndikufuna inu musalakwitse. A MRA sawerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha ayi. Amaphatikiza mtengo wogulira, ndalama zotumizira ndi inshuwalansi. Pa zonsezo ndi pamene amaika duty. Kenako VAT imabwera pamwamba pa zonse, duty yomwe ija ili momwemo. Msonkho pamwamba pa msonkho! Apa ndi pamene pamandiwawa ine, ndipo sindibisa.

Tiyerekeze katundu ndi wa madola 100, kutumiza madola 40, dola ili pa K1,700. Ndi K238,000 imeneyo. Ngati duty yake ndi 25 peresenti, onjezani K59,500. Ngati VAT ndi 16.5 peresenti, ikhala pafupifupi K49,000. Msonkho wokha wadutsa K108,000, musanalipire minibasi yokatenga katunduyo ku Blantyre. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye katundu yemweyo wa madola 100 msonkho wake unakwera osasintha kanthu.

Wina andiuza kuti, "Uzimuuza wogulitsa alembe mtengo wochepa." Aise, osayesa. Akakayikira amaika mtengo wawo, mwinanso chindapusa, mwina kulanda katundu yense. Misonkho sindikuikana, koma wachinyamata woitanitsa zida zogwirira ntchito akamawerengeredwa ngati mwini shopu ya ku Limbe, bizinesi imafa isanayambe. Nkhaniyi tidzaifunse a phungu athu akadzabwera.

Pakadali pano, musanadine batani logula, funsani kaye msonkho wa chinthucho, chifukwa katundu aliyense ali ndi mlingo wake. Sungani malisiti onse. Ndipo tiziitanitsa limodzi kuti tigawane zotumizira ndi za ulendo. Amene akufuna, Loweruka likubwerali abwere ndi mndandanda wake, tidzawerengere limodzi pa bolodi.